M'bale wanu akagona m'selo: zochita kuyambira usiku woyamba

Foni inalira Lachisanu usiku, ine nditavula kale nsapato. Anali mlongo wanga, mawu akunjenjemera. "Alongo, mwana wanu amutenga apolisi." Mwanayo ndi wa mlongo wangayo, mnyamata wa zaka 22, amakonza mafoni pa kantemba kake mu komboni. Wina anamusiyira foni kuti aikonze, osadziwa kuti inali yobedwa, ndipo mwini wake ataitsata inapezeka pa thebulo la mnyamatayo. Kwathu kwa Achewa nkhani yotere imagwera malume, choncho ndinavalanso nsapato zija.

Ndinalakwitsa zambiri usiku umenewo. Ndinapita chimanjamanja, mtima uli m'mwamba, ndipo ndinakweza mawu pa kauntala ngati ndili pa msika wa Soweto. Mnyamata anagona m'selo masiku atatu pamene akanatha kutuluka tsiku lotsatira. Zimene ndikulemba pano ndi zimene ndikanachita ndikanadziwa, mwa ndondomeko yake.

Choyamba, dziwani kumene ali, ndipo lembani

Mu Lusaka muli mapolisi akuluakulu komanso timapolisi ting'onoting'ono ta m'makomboni. Munthu akhoza kugwidwa pa kapolisi kakang'ono n'kusamutsidwira ku polisi yaikulu usiku womwewo. Musangokhulupirira mawu a anthu a pamsewu akuti "tawaona alowera uku". Pitani nokha pa kauntala, perekani moni, tchulani dzina lonse la m'bale wanu monga lilili pa NRC yake, chitupa chake cha dziko, ndipo funsani ngati walembedwa m'buku. Pa polisi iliyonse pamakhala buku lalikulu lolembamo zonse zochitika, limene iwo amalitcha OB. Pemphani nambala ya OB ya nkhani yake.

Tengani kope ndi cholembera. Foni imatha batire, ndipo apolisi ambiri sakondwa akaona munthu akudinadina foni pa kauntala. M'kopemo lembani tsiku ndi ola limene anagwidwa, malo, dzina la wapolisi amene wagwira nkhaniyo, mlandu umene akumuganizira, ndi nambala ija. Ola ndilo lofunika kuposa zonse, chifukwa lamulo limawerenga maola, ndipo pofika Lolemba aliyense amakhala atayamba kukumbukira mosiyana.

Kufunsa chifukwa chimene munthu wagwidwira si mwano. Malamulo aakulu a dziko la Zambia, pa ndime 13, amanena kuti wogwidwa auzidwe chifukwa chake mwamsanga, m'chinenero chimene iye amamva. Ngati m'bale wanu amamva Chinyanja chokha, kumuuza m'Chingerezi n'kumusiya ali kukamwa yasa sikukwanira. Ndime 18 imawonjezera kuti munthu ndi wosalakwa kufikira khoti litamupeza wolakwa kapena iye atavomera yekha. Ufulu umenewu uli m'gawo lachitatu la malamulowo, gawo lomwe lija tinafunsidwa kuti tilikulitse pa referendamu ya pa 11 Ogasiti 2016, koma mavoti sanafike pa mlingo wofunika. Choncho tikugwiritsabe ntchito lakale, ndipo ngakhale ndi lakale, mano lili nawo.

Chachiwiri, mimba ndi mankhwala

Musayembekezere kuti m'selo ya polisi adya mokwanira. Konzani nsima ndi ndiwo m'kontena ya pulasitiki, madzi akumwa m'botolo, ndi juzi kapena bulangete, makamaka mu Juni ndi Julayi pamene simenti imaluma. Kawirikawiri amakuuzani kuti mulawe chakudyacho pamaso pawo, ndipo zimenezo musakhumudwe nazo. Funsani maola amene amalola kubweretsa chakudya.

Ngati amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, a shuga, a BP, a TB kapena ma ARV, nenani pomwepo ndipo bweretsani mankhwalawo pamodzi ndi khadi la ku chipatala. Pano manyazi a pabanja asiyeni kunyumba. Mukhoza kupempha kulankhula ndi wamkulu wa pa kauntala pambali ngati simukufuna kuti anthu onse amve.

Katundu amene anali naye, monga foni, ndalama, lamba ndi makiyi, amayenera kulembedwa m'buku la katundu wa ogwidwa. Mufunseni m'bale wanuyo kuti anali ndi ndalama zingati, ndipo lembani m'kope lanu lija.

Chachitatu, mawu ochepa amene muyenera kumuuza

Mukapatsidwa mpata womuona, mwina ndi mphindi ziwiri zokha pa kawindo ka zitsulo. Musazithere pomukalipira kuti "ndinakuuza ine". Ine ndinatero, ndipo ndimachita nazo manyazi mpaka lero. Muuzeni zinthu zitatu: asalimbane ndi wapolisi, asasaine pepala limene sanaliwerenge kapena kuwerengeredwa m'chinenero chake, ndipo adziwe kuti sali wokakamizidwa kuvomera mlandu.

Apolisi akafuna kumulemba mawu ngati woganiziridwa, amayenera kuyamba amuchenjeza kuti sali wokakamizidwa kunena kanthu, koma chilichonse chimene anene chilembedwa ndipo chikhoza kugwiritsidwa ntchito m'khoti. Ali ndi ufulu wonena kuti alankhula loya wake akabwera, kapena kungoti "mlanduwu ndikuukana". Anthu ambiri amasaina chifukwa cha kutopa, fungo la m'selo ndi lonjezo lakuti "ukangosaina apa upita kunyumba". Pepala limenelo limakamupeza kutsogolo. N'zoona kuti khoti limakana mawu ovomera amene munthu anawanena chifukwa chomenyedwa kapena kuopsezedwa, ndipo woweruza amaimitsa mlandu n'kuyamba wafufuza ngati mawuwo ananenedwa mwaufulu. Koma kutsimikizira woweruza kuti munakakamizidwa ndi phiri lalitali, pamene kukana kusaina kumangofuna kulimba mtima kwa mphindi imodzi.

Chachinayi, bondi ya polisi

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo apa ndi pamene mabanja ambiri amataya ndalama ndi masiku.

Lamulo la kayendetsedwe ka milandu, Criminal Procedure Code, pa gawo 33, limati munthu akagwidwa popanda chikalata cha khoti, ndipo zikuoneka kuti sizitheka kumufikitsa ku khoti pasanathe maola 24, mkulu wa polisiyo ayenera kuifufuza nkhaniyo, ndipo ngati mlandu suli waukulu, amutulutse pa bondi. Mudzamva ena akunena za maola 48, koma nambala yolembedwa m'gawo limeneli ndi 24. Bondi ndi lonjezo lolembedwa lakuti munthuyo adzabwera pa tsiku limene wauzidwa, ku polisi kapena ku khoti. Si kukhululukidwa, ndipo mlandu suthera pomwepo. Paja mlandu suola.

Bondi ya polisi ndi yaulere. Pa pepala la bondi pamalembedwa ndalama, inde, koma ndalama imeneyo simulipira tsiku limenelo. Ndi ngongole imene idzakugwereni ngati wotulutsidwayo athawa. Wina akakuuzani kuti "bondi ndi zakutizakuti, perekani pano", dziwani kuti imeneyo ndi nchekeleko, chiphuphu.

Wopereka bondi ndi mkulu wa polisiyo, osati aliyense wovala yunifolomu amene mwamupeza pakhomo. Choncho m'mawa mwake, musanadye n'komwe, pitani ndi anthu awiri omuimira. Lamulo limalola bondi ngakhale popanda omuimira, koma mu Lusaka muno kawirikawiri amafuna awiri, anthu okhala pamalo odziwika. Aliyense atenge NRC yake yeniyeni ndi fotokope yake. Amene ali pa ntchito atenge kalata ya ku ntchito yotsimikiza kuti amagwiradi kumeneko. Vuto ndi lakuti ambiri a ife ndife ogulitsa pa msika, okhoma malata, osoka zovala, ndipo tilibe abwana otilembera kalata. Musagwe mphwayi. Funsani mkulu wa polisiyo kuti angalandire chiyani m'malo mwake: kalata ya atcheyamani a msika, ya abusa, ya khansala, kapena pepala la magetsi la ZESCO losonyeza pamene mumakhala. Zimasiyana polisi ndi polisi, n'chifukwa chake ndi bwino kufunsa usiku womwewo kuti m'mawa mubwere ndi zonse.

Ine ndinaphonya pamenepa. Loweruka ndinabwera ndekha ndi NRC yokha. Womuimira wachiwiri, mlamu wanga, anali ku maliro ku Chipata. Lamlungu mkulu wa polisi sanaoneke. Panja, pansi pa mtengo, panali bambo wina wa jekete lachikopa amene sindikudziwa ntchito yake mpaka lero. Anandikokera pambali n'kundiuza kuti amadziwana ndi onse m'katimo, ndingomupatsa "ya mafuta", mwana agona kunyumba. Dzanja langa linafika m'thumba, sindinama. Chimene chinandiletsa ndi mayi wina amene anali pa benchi ndi kontena yake ya nsima, amene anandinong'oneza kuti, "Bambo, ameneyo anadya zanga dzulo, wanga akadali momwemo."

Polankhula ndi mkulu wa polisi, khalani pansi akakuuzani, chipewa m'manja, ndipo mawu akhale ochepa. Ine Lolemba ndinati: "Bwana, ndine malume a mnyamata amene anagwidwa Lachisanu 8 koloko usiku, nambala ya OB ndi iyi. Ndabwera kudzapempha bondi. Omuimira awiri ali panja ndi makalata awo." Anandiyang'ana, nayang'ana kope langa, n'kuitanitsa fayilo. Sindinatchule gawo 33 n'komwe. Kope lija linalankhula lokha, chifukwa munthu amene walemba maola amaoneka kuti akhoza kukawanena kwina. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mawu awiri kwa inu amene mwapemphedwa kuimira munthu. Musasaine chifukwa cha manyazi a pachibale. Ngati mukudziwa mumtima kuti mnyamatayo akhoza kukwera basi pa Intercity n'kukazimiririka ku Nakonde, kanani, chifukwa ndalama yolembedwa ija adzaifuna kwa inu. Ndipo ngati mwasaina kale kenako mwaona zizindikiro zoti akufuna kuthawa, muli ndi ufulu wopita kukapempha kuti akuchotseni pa udindowo.

Pali milandu ina imene polisi singapereke bondi, ndipo ngakhale khoti silipereka belo, monga kupha munthu, kuukira boma, ndi kuba moopseza ndi zida kapena mwa chiwawa cha gulu. Chilango cha imfa chinathetsedwa mu Disembala 2022, koma milandu imeneyi ikadali yolemera chimodzimodzi pa nkhani ya belo. Ngati m'bale wanu akuganiziridwa mlandu wotere, musataye nthawi pa benchi ya polisi. Thamangirani kwa loya.

Za risiti

Pa milandu ing'onoing'ono, monga ija ya shishita, kugwidwa ukuyendayenda usiku, kapena kusokoneza mtendere, apolisi akhoza kukuuzani kuti mulipire faindi yovomera kulakwa. Imeneyi ndi yololedwa ndi lamulo, koma ili ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba, ndalamayo ndi ya boma, choncho mulandire risiti la boma, lokhala ndi dzina la wolipira ndi ndalama yeniyeni imene mwapereka. Mbali yachiwiri, kulipira kumatanthauza kuti munthuyo wavomera mlandu. Ngati sanalakwe, aganize kawiri. Ndalama yopanda risiti ndi chiphuphu, ndipo lamulo lothana ndi ziphuphu la 2012 limagwira wopereka ndi wolandira yemwe. Wokufunsani chiphuphu mukhoza kukamunena ku Anti-Corruption Commission.

Chachisanu, maola akadutsa koma palibe chikuchitika

Kwerani makwerero mmodzimmodzi. Yambani ndi mkulu wa polisiyo, ndipo mufunseni mwaulemu chifukwa chimene bondi yakanidwira ndi tsiku limene munthuyo apite ku khoti. Yankho lake lilembeni. Mukamva zakuti "tikufufuzabe" tsiku lachitatu, lachinayi, pitani kwa mkulu woyang'anira mapolisi a dera lonse la Lusaka, mutanyamula kalata yaifupi yofotokoza dzina, tsiku, ola ndi nambala ya OB. Kalatayo ikhale ndi fotokope, ndipo pemphani kuti adinde pa fotokope yanu posonyeza kuti alandira.

Nthawi yomweyo wina wa pabanja apite ku Legal Aid Board, bungwe la boma lopereka maloya kwa anthu amene sangakwanitse kulipira loya wawo, limene tsopano likuyendera lamulo la 2021. Pa makhoti ena ndi mapolisi ena mumapezekanso ma paralegal, anthu ophunzitsidwa za malamulo amene angakuthandizeni kulemba pempho ndi kukulozerani khomo loyenera. Amayi ndi ana alinso ndi National Legal Aid Clinic for Women muno mu Lusaka.

Khomo lina ndi la Human Rights Commission, bungwe loona za ufulu wa anthu, pa Independence Avenue, ndipo nambala yawo yaulere ndi 8181. Bungweli linakhazikitsidwa ndi malamulo a 1996, ndipo lili ndi mphamvu yolowa m'maselo ndi m'ndende kukaona mmene anthu akusungidwira. Kudandaula kumeneko simulipira. Zonse zikakanika, loya akhoza kupempha High Court kuti ilamule apolisi kubweretsa munthuyo pamaso pa jaji ndi kufotokoza chifukwa chomusungira. Maloya amatcha pempho limeneli habeas corpus. Ndime 13 ija imanenanso kuti wosungidwa mosatsata lamulo ayenera kulipidwa chipukuta misozi, ndipo pa tsiku limenelo kope lanu ndilo lidzakhale mboni.

Akamenyedwa

Ndime 15 ya malamulo aakulu aja imaletsa kuzunza munthu kapena kumuchitira zankhanza, ndipo palibe mlandu umene umachotsa chitetezo chimenechi, ngakhale munthuyo atagwidwa ndi katundu wakuba m'manja. Mukaona zotupa, mabala m'mikono, kapena akuyenda motsimphina, pemphani kuti apite ku chipatala tsiku lomwelo, ndipo dokotala alembe zimene waona. Mabala amapola msanga kuposa mmene mlandu umayendera. Akangotuluka jambulani zithunzi, sungani malaya a magazi osachapa, ndipo lembani mayina a amene anali naye m'selo ngati avomera. Tsiku loyamba ku khoti, iye mwini auze woweruza kuti anamenyedwa, kuti zilowe m'fayilo. Dandaulo lokhudza khalidwe la wapolisi limapita ku Police Public Complaints Commission, imene ili ndi lamulo lakelake la 2016 ndipo si nthambi ya polisi.

Ana, amayi ndi angongole

Wogwidwa akakhala wosakwana zaka 18, nkhani imasintha. Lamulo la ana la 2022, Children's Code Act, limafuna kuti makolo kapena omulera adziwitsidwe, kuti mwana asasakanizidwe ndi akuluakulu, ndipo a zachisamaliro cha anthu alowererepo. Tengani chikalata cha kubadwa, khadi la sikelo kapena lipoti la ku sukulu, chifukwa anyamata ena a zaka 16 amaoneka ngati madoda. Mayi amafufuzidwa m'thupi ndi wapolisi wamkazi basi.

Ziwiri izi zimandipweteka mtima chifukwa zimachitikira osauka okhaokha. Kutsekera mkazi kuti mwamuna wake amene wathawa adzipereke si lamulo, aliyense amayankha mlandu wake. Ndipo ngongole wamba, ya chilimba kapena ya lendi, si mlandu wa selo. Malo ake ndi Local Court kapena Small Claims Court. Pokhapokha ngati pali chinyengo, kutenga ndalama mwa bodza, ndi pamene polisi ili ndi gawo.

Chomaliza, tsiku la khoti

Ngati bondi yakanidwa, mpata wina uli ku khoti la majisitireti. Milandu imaimbidwa ndi a National Prosecution Authority, osati wapolisi amene anagwira munthu, choncho fayilo imayamba yapita kumeneko. Funsani tsiku lenileni, ndipo omuimira aja akhale ali pa benchi m'mawa ndi makalata awo, atavala bwino, mafoni atazimitsa. Mlandu ukawerengedwa, woimbidwa mlandu kapena loya wake apemphe belo pomwepo. Munthu safunika loya kuti anene kuti, "Ndikupempha belo, ndimakhala pamalo akuti, ondiimira ali m'khoti muno." Womasulira ndi waulere, ndipo asachite manyazi kunena kuti alankhula Chinyanja. Kuyesa Chingerezi cha giredi 7 pamaso pa woweruza kwapweteka ambiri.

Khoti likhoza kupereka belo ya lonjezo chabe, kapena kulamula kuti ndalama iperekedwe. Ya khotiyi imalipidwadi, ku ofesi ya khoti, ndipo risiti lake lisungeni ngati khanda, chifukwa mlandu ukatha munthuyo asanajombepo, ndalamayo mumakaitenganso ndi risiti lomwelo. Omuimira akachedwa ndi ola limodzi, galimoto imanyamuka naye kupita ku ndende ya Kamwala Remand kapena ya Chimbokaila, ndipo mumayambanso kuyenda ndi kontena ya nsima. Majisitireti akakana belo, pempho likhoza kukwera ku High Court.

Wathu uja anatuluka Lolemba masana, atagwira buluku ndi dzanja chifukwa lamba anali akadali m'kabati ya katundu. Tinabwerera kukasainira lamba, makiyi a kantemba ndi ndalama zake, ndipo zinakwana monga ndinalembera. Pepala la bondi tinalichita fotokope katatu: lina kwa amayi ake, lina kwa mlamu wanga, lina m'kope langa. Anapita kukaonekera pa masiku onse amene anauzidwa, ine ndili pambuyo pake, mpaka amene anabweretsa foni uja anapezeka. Masiku ano pa kantemba paja pali kabuku komangirira ndi chingwe, ndipo aliyense wosiya foni amalembamo dzina ndi nambala ya NRC, ngakhale amayi ake omwe.